Fulashi ya Don Evaristo

Kachitatu sabata ino ndakwera chitunda cha Cordillera
pa chikepe chakale chija cholira ngati chitseko cha dzimbiri,
chikwama cha zingwe kumsana,
doko la Valparaíso likutsalira pansi pa mapazi anga
ndi makontena ake ofiira ndi obiriwira.

Don Evaristo akundidikira pakhomo la shopu yawo yosindikizira,
inki ili bii m'zikhadabo.
"Kabweranso, Maite," akutero,
ngati akunena za mwana wolowerera.

Indedi kachilombo kabweranso.
Bokosi lofiira psuu pakati pa sikirini,
dzina lake lalitali, la madontho ndi manambala.
Mafoda asanduka zitseko zosalowera kulikonse,
ndipo makadi a ukwati wa Loweruka,
mazana awiri, a mwana wa wogulitsa nsomba,
akukana kutseguka.

Lolemba ndinazula chingwe cha intaneti,
ndinayatsa makina ali maliseche, opanda chokometsera,
ndinasiya pulogalamu yolondera isake usiku wonse.
Inagwira mafayilo makumi anayi.
Ndinawatsekera m'khola, ndinawapha, ndinasintha mapasiwedi,
ndinamwa tiyi wawo wozizira, ndinalandira zanga.
Lachitatu zomwezo.
Ndinasesa m'makona momwe munthu sayang'anamo,
mumndandanda wa zoyamba kudzuka makina akayatsidwa,
m'maimelo a ngongole zabodza.
Mbee. Ndinalumbira kuti mbee.

Amati mlendo ndi mame.
Uyu ali ndi kiyi wa nyumba.

Lero sindikhudza kanthu.
Ndakhala pa mulu wa mapepala, ndawauza:
gwirani ntchito monga mwa masiku onse, ine ndingoonerera.
Asesa. Athira mafuta pa makina odulira.
Ateleka ketulo.
Kenaka apisa dzanja pakhosi pa malaya,
atulutsa kachingwe koda ndi thukuta,
kumapeto kwake fulashi yabuluu, yobenthuka pakona,
aibaya m'kompyuta osayang'ana n'komwe,
momwe munthu amapezera swichi mumdima m'nyumba yakeyake.

Ndipo Ximena atulukira pa sikirini:
pamchenga wa ku Quintero, mphepo itawalowetsa tsitsi m'kamwa;
pambali pa makina omwewa, akuseka, lumo lili m'manja;
m'chipatala, atachepa, akukweza chala chachikulu.
"Ndimangomupatsa moni m'mawa," atero Don Evaristo.
Pakona, bokosi lofiira latsegula diso.

Kusukulu anatiphunzitsa mawu ake:
gwero, kufalikira, kufufuta.
Sanatiuze poyang'ana maso
pouza bambo wamasiye kuti matenda amalowa ndi mkazi wawo.

Ndati: si iwo ayi, ndi chotengerachi.
Mwina chinakatola kotsukitsa zithunzi,
mwina pa kompyuta ya alamu anu.
Kachilombo sikadziwa kuti pano panagwa maliro.

Taolotsa zithunzi chimodzichimodzi,
chilichonse chiyambe chaima pamaso pa mlonda,
achiseche mpaka m'matumba.
Mazana atatu ndi zisanu ndi ziwiri.
Zonse zadutsa.
Chatsala ndi kafayilo kobisala, kopanda nkhope,
kopepuka kuposa mawu oti pepani.
Kameneko ndiko katidyera sabata yathunthu.

"Ndifufute fulashi yonse?"
Akhala duu mpaka chikepe chakwera n'kutsika.
Ndiye adina okha, ndi chala cha inki.

Mzere wobiriwira wakwawa, wafika kumapeto.
Makadi a ukwati atseguka,
makina ayamba kulavula mayina a anthu awiri
omwe sindidzawaona.
Zithunzi ndazisunga malo atatu,
ndawalembera papepala ndi zilembo zikuluzikulu.
Fulashi ndimati ndiponye m'bini, yatopa kale.

Andilanda.
Aibweza pakhosi ili yopanda kanthu,
amanga batani la pamwamba,
n'kundifunsa ngati ndimakonzanso mawailesi.